Khoma la Mabowo ndi Fodya wa Amayi

Bukulo linali la chikuto chobiriwira, lonunkha choko ndi mphemvu, ngodya imodzi itadyedwa ndi chiswe. Eni ake anali aphunzitsi a kwathu ku Santhe, amene ankayenda nalo m'khwapa ngati chiphaso cholowera kumwamba. M'katimo munali zithunzi za nyumba zikuluzikulu za ku Lilongwe, iliyonse ndi nambala yake, komanso mapu osonyeza mmene munthu angayendere wapansi kuziona zonse. Wolemba bukulo sindinamuonepo, koma ndikumudziwa: anali munthu wa galimoto.

Chinali chaka cha feteleza wotsika mtengo, ndipo fodya wa amayi anatambasula masamba ngati makutu a njovu. Chigafa chathu choumitsiramo fodya, chija cha mitengo ndi udzu, chinachepa. Bambo anali atatisiya kale, ndiye womanga china anali amalume. Amalumewo anali mmisiri wa pakamwa. Pamoyo wawo anamangapo uvuni umodzi ndi khola la nkhumba, koma akayamba kufotokoza munkayesa Boma lonse la Kasungu linatuluka m'manja mwawo. Anati mlongo wawo sangapachike fodya wotere m'chisakasa, apita kaye akaone mmene amamangira anthu ophunzira. Buku lija anabwereka kwa aphunzitsi. Kuwerenga ndiye kunalibe wowabwereka, choncho ananyamula ine, katswiri wa Sitandade 4, amene Chingerezi changa chinkathera pa kupempha kupita kuchimbudzi.

Tinatsika basi ku Lilongwe m'mawa dzuwa litayamba kale kuluma. Mzinda wake umenewo! Pa mapu, kuchoka pa nambala wani kufika pa thuu kunali kutalika kwa chala changa. Pansi ndiye kunali kuyenda mpaka nsapato za matayala kununkha ngati zapsa. Pakati pake udzu wofika m'khosi, mbuzi, ndi phula lomata kumapazi. Pa nambala fili tinapeza chikwangwani ndi mulu wa mchenga basi: anthu ophunzira aja anajambula nyumba asanaimange. Pa faifi mlonda anatikuwiza chifukwa choponda kapinga, udzu woti kwathu timaupalira n'kutaya. Koma amalume pa nyumba iliyonse ankavula chipewa ngati afika pamaliro.

“Werenga, mphwanga.”

Ine ndinkayendetsa chala pa mizere, n'kupeka. “Akuti iyi ndi yaitali.” Iwo n'kugwedeza mutu ngati ndawaululira chinsinsi cha boma.

Masana tinafika pa nambala seveni. Khoma lake lonse linali mabowo okhaokha, njerwa za simenti zobooka ngati sefa. Amalume analowetsa dzanja m'bowo limodzi. Ndinaona mkono wa malaya awo ukugwedezeka ndi kamphepo kozizira kochokera m'kati. Anakhala choncho kanthawi, maso ali gwa.

“Mabowowa ndi a chiyani? Buku likuti bwanji?”

Tsono ine m'mimba munali mukulira, ndipo patsidya pa msewu mayi wina ankakazinga mandasi. Ndinadziwa kuti ndikayankha zazitali tigona pa khomalo. “Akuti simenti inawathera,” ndinatero. “Adzatseka.”

Anayang'ana dzanja lawo, anayang'ana buku, kenako anapukuta dzanjalo pa buluku. “Ndimadabwa,” anatero. Mandasi ndinadya awiri. Mpaka lero sindinadyenso okoma choncho, ndipo musandifunse ngati ndikuchita manyazi.

Titabwerera anamanga chigafa cha zidina, makoma anayi ofika kudenga, khomo limodzi, bowo ngakhale la mbewa ayi. Anapakanso laimu kutsogolo kuti odutsa aone. Amayi anaima patali, khasu lili paphewa.

“Achimwene, fodya amapuma.”

“Mlongo, buku lanena. Wawerenga ndi mwana wako yemwe.”

Amayi anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana nkhuku.

Tinapachikamo fodya n'kutseka chitseko. Mvula ya February inagwa osapumira. Patatha masabata awiri fungo linayamba kutuluka pansi pa chitseko, lotsekemera moipa ngati maungu owola. Titatsegula, masamba aja anali atada, akuterera m'manja, chuku chili mbuu m'mitsempha. Mmenemo munali chovala chathu, mchere wathu, ndi malata amene amayi ankalota chimwalirireni bambo. Sanalire. Anatenga munsi wa pamtondo n'kuyamba kugumula khoma, bowo apa, bowo apo, thukuta lili chuchuchu, mpaka mphepo inadutsa. Pomaliza chigafacho chinafanana ndendende ndi nambala seveni. Anapulumutsa masamba a kunsonga okha, amene tinathyola pambuyo pake.

Mudzi wonse unaseka. Amalume anthu anawapatsa dzina loti Simenti Inatha, ndipo analowa nalo m'manda. Aphunzitsi anadzatenga buku lawo, n'kulipukuta ngati taliipitsa. Ine ndinkaseka nawo mokweza kuposa onse, podziona wochenjera amene anapusitsa chitsiru chachikulu n'kudyapo mandasi awiri.

Chionongekereni fodyayo, amalume sananditchule kwa munthu kuti ndine ndinawanamiza, ngakhale ataledzera. Ndinkayesa ndi kupusa komweko. Zimene mutu wanga wa Sitandade 4 sukanatha kuzigwira n'zakuti mphepo ija anaimva pa dzanja lawo, ndipo anadziwa bwinobwino ntchito yake. Kungoti chibadwire anthu ankawauza kuti wosawerenga sadziwa kanthu, mpaka anakhulupirira pepala, ndi kamwana ka njala kolinamizira, kuposa khungu lawo lomwe.