Galimoto Yofiira ya Achimwene Ake

Anzanga, lero ndikuuzeni za mtsikana amene anabwera ku galaja kwathu atanyamula katoni.

Linali Loweruka masana, onse ataweruka. Ine ndinatsalira monga mwa masiku onse, poti kuchipinda chimene ndimachita lendi kunalibe wondidikira. Ndili kunsi kwa galimoto ina, ndinangoona nsapato zoyera zitaponda pa oyilo.

"Pepani amakaniko, mungandimangire ichi?"

Nditatuluka ndinapeza m'katonimo muli supachaja yatsopano. Kwa amene simukuidziwa, ndi chipangizo chozungulira ndi lamba, chimene chimakankhira mpweya wambiri mu injini kuti galimoto ikhale ndi mphamvu zoposa zimene inabwera nazo. Panja anali ataimika galimoto yofiira, yakale ndithu koma yosamalika.

Ndinamufunsa ngati amachita mipikisano. Anaseka, n'kunena kuti amagwira ntchito mu famase ndipo amaopa ngakhale kupitirira lole. Galimotoyo inali ya achimwene ake. Anagula supachajayo, kenako anadwala, n'kumwalira asanaimange.

"Ndikufuna ndimve mmene iwo ankafunira kuti izilirira," anatero.

Ndinamuuza zoona, kuti si ntchito yongomanga mabawuti. Injini ikalandira mpweya wambiri imafunanso mafuta ambiri, imatentha, ndipo mabuleki akale sangaigwire. Anati tichite pang'onopang'ono, Loweruka lililonse, bola iyeyo azikhalapo.

Ndiye anayambadi kubwera.

Anzanga a pagalaja anamupatsa dzina loti Sisi Katoni. Poyamba ankangokhala pa tayala n'kumaonerera. Kenako anawadziwa masipanala, n'kumandipatsira ndisanapemphe. Ankandiuza za achimwene akewo, kuti ankaimba moipa akamayendetsa, kuti ndiwo anamulera bambo awo atawathawa, kuti amayi awo mpaka pano safuna kuiona galimotoyo pakhomo.

Ine sindinazolowere kuti munthu azicheza nane nthawi yaitali chonchi. Anzanga, mukudziwa mmene zimakhalira ukamakhala wekha m'tauni... sabata imatha mawu ako ali "zikomo" ndi "yatha bwana" basi.

Tsiku lina boneti inakana kutsekeka chifukwa supachajayo inatalika. Ndinakwiya mpaka kutaya sipanala pansi. Iye anaseka mpaka misozi, kenako anandigwira dzanja, osaopa girisi.

"Ukakwiya umafanana ndi achimwene," anatero.

Kuyambira pamenepo za "amakaniko" zinatha, ndinasanduka "iwe". Tinayamba kuonana ngakhale m'kati mwa sabata. Ndinkamudikira panja pa famase n'kumuperekeza wapansi, dala kudzera njira yozungulira. Ndinagula kapu yachiwiri ndi mpando wachiwiri. Nditamuuza mlongo wanga pafoni, anayamba kale kumutchula kuti alamu, munthu asanamuone n'komwe.

Masiku omwewo abwana anandiitana mu ofesi. Ankatsegula galaja ina mumzinda wakutali ndipo ankafuna ine ndikaiyang'anire. Mwayi umene ndinkaulota chiyambireni ntchito. Ndinakana. Anandiyang'anitsitsa n'kufunsa ngati chifukwa chake chili chofiira komanso cha matayala anayi. Ndinangoseka. Mtsikanayo sindinamuuze, sindinafune kumusenzetsa katundu wina pamwamba pa amene anali naye kale.

Tsiku loliza injini linafika. Supachaja inayamba kaphokoso kake kosongoka ngati mluzu. Tinapita kunja kwa tauni, kumsewu wowongoka wopanda anthu. Ndinaiyesa kaye ine, kenako ndinamupatsa chiwongolero.

Ataponda moto, galimoto inatikankhira kumbuyo m'mipando. Anakuwa, akuseka ngati mwana!

Koma posakhalitsa anachepetsa liwiro, anaima m'mbali mwa msewu n'kuzimitsa injini. Manja ali pa chiwongolero, anandifunsa:

"Yatha eti?"

"Yatha."

"Ndimayesa ndimva ngati abwera..."

Sanalire. Anangondipempha kuti pobwerera ndiyendetse ine, ndipo njira yonse ankayang'ana pawindo.

Loweruka lotsatira sanabwere. Mauthenga anga ankayankha ndi liwu limodzi, kenako anasiyiratu. Ndinapirira, ndikudziuza kuti chisoni chili ndi masiku ake. Zitandikulira ndinapita ku famase. Anatuluka ali mu yunifolomu, tinakaima kuseri, pafupi ndi mabini.

Anandiuza kuti galimoto anaipereka kwa msuweni wawo, chifukwa sankathanso kuiyang'ana. Zinandiwawa, komabe ndinati palibe vuto, chibwenzi chathu si galimoto.

"Ndayesetsa," anatero. "Ndikakuona ndimamva fungo la galaja, ndimaona achimwene. Ndinkayesa ndi chikondi. Mwina ndinkangofuna munthu wokhala nane pamaliro, poti ena onse anabalalika msanga."

Ndinamufunsa ngati panali tsiku ngakhale limodzi limene anabwera chifukwa cha ine, osati achimwene akewo. 

"Sindikudziwa. Ndikanadziwa ndikanakuuza."

Wina anamuitana m'kati. Anandigwira paphewa n'kulowa.

Kumzinda kuja kunapita mnzanga wina. Ine ndikadali pompano, m'chipinda chomwechi, ndipo mlongo wanga anasiya kufunsa za alamu.

Chowawa n'chakuti palibe mwamuna wina, palibe bodza limene ndinamugwira nalo. Akanandinyenga bwenzi ndikumutukwana mumtima n'kupeza tulo. Koma ndilibe ngakhale womukwiyira.

Anzanga, munthu wachisoni akakutsamira amatsamira ndi thupi lonse, ndipo sanama. Kungoti asanapole, ngakhale iye mwini sadziwa ngati wasankha iwe kapena wangokupeza uli pafupi. Ine ndinakhulupirira kuti anandisankha.