Kababu ka M'chitini cha Majalini

Mu sutikesi yanga, pansi pa nsalu ya chigwirizano, muli kachitini ka majalini koboola timabowo. Mkati muli mawaya ndi kababu kamene kanasiya kale kuyaka. Ana anga amati ndizitaye. Sadziwa kuti anapanga ndi agogo awo.

Inali nyengo yozizira, ine ndili giredi faifi, tikukhala kufupi ndi Palabana. Kunabwera aphunzitsi aakazi ochokera ku Lusaka, amene Loweruka lililonse ankasonkhanitsa anthu m'tchalitchi kuti aziphunzira kupanga tizipangizo toyezera zinthu. Ena anasankha koyezera mvula, ena madzi a pachitsime. Amayi anasankha ka utsi. Akazi anzawo anaseka: "Utsi naonso ufunika sikelo, amake Tisa?"

Amayi ankakazinga vitumbuwa vogulitsa, m'kakhitchini kopanda windo, ndipo ankatsokomola mpaka kugwira khoma. Ine sindinkachoka pambali pawo. Ndinkaponya ufa wokanda m'mafuta, maso akutuluka misozi, ndikuyesa kuti kuphika ndi mmene kumakhalira.

Kachipangizo koyamba kankayaka mofiira ngakhale panja pamphepo. Kachiwiri anakapachika pafupi ndi moto, kanasungunuka. Amayi anapita nako mwamanyazi, atakabisa m'chitenje. Aphunzitsi anangokatembenuza n'kunena, "Ndiye nchito yake iyi. Zoyamba sizigwira. Tapeza pamene chalakwa, tiyeni tipange china." Amayi anabwera akuseka njira yonse. Lero ndimaganiza kuti chibadwire anali asanamvepo munthu akuwauza kuti kuwononga chinthu si mlandu.

Ndimakumbukira fungo la waya wowotcherera, ndi zala zawo zokhala ndi zipsera za mafuta zikugwira kawaya kowonda ngati ulusi, lilime atalumira pambali. Ndinali ndisanawaonepo atakhala pabenchi ngati mwana wa sukulu.

Kachitatu kanagwira. Mpweya ukakhala wabwino, kababu kankabiriwira. Utsi ukachuluka, kankafiira. M'khitchini mwathu kankangofiira kuyambira m'mawa, ndipo ine ndinkakakonda choncho, ngati kanyenyezi m'kati mwa utsi. Apa n'kuti ena atatsanzira Amayi kupanga ta utsi. Loweruka aphunzitsi ankalumikiza tizipangizo tonseto ku kompyuta, utsi wa nyumba iliyonse n'kuoneka ngati mizere ya mapiri. Phiri lathu linali lalitali kuposa onse. Ndinanyadira, Mulungu andikhululukire umbuli.

Atate anali atakana kale zoboola khoma, ati mphepo ndi akuba. Tsiku lina Amayi anawakokera m'khitchini, n'kuwakhazika pakampando kanga. Sanakangane nawo. Anangowalozera kababuko. "Nkhalani apa mpaka kasinthe. Apa ndiye pamene ankhala mwana wanu." Atate sanakhalitse. Anatuluka akupukuta m'maso, ndipo mawa lake anagumula njerwa kumwamba kwa khoma, mbali ziwiri.

Kuwala kunalowa, utsi n'kumatulukira pamwamba. Kababu kanayamba kubiriwira nthawi zambiri, kufiira kokha tikamakoleza moto.

Mvula itayandikira maphunziro anatha, anthu anapita kuminda, aphunzitsi sanabwerenso. Batire linatha. Chifuwa cha Amayi sichinathe. Anatisiya ine ndisanakwatiwe, ndipo sanaone mdzukulu ngakhale mmodzi. Ndimayamika Ambuye pa zonse, koma ndikamva mafuta akulira m'poto ndimalakalaka kumva ngakhale kutsokomola kuja. Ndimawapemphereranso aphunzitsi aja kulikonse kumene ali. Khitchini yanga ili ndi mawindo awiri, ndipo ana anga sakhala mu utsi.

Tsiku limene kababu kanabiriwira koyamba, ine ndinalira. Ndinati Atate awononga kanthu kathu, kasiya kuwala bwino. Amayi anandikumbatira, akununkha utsi ndi mafuta, n'kundiuza, "Pema, Tisa. Pema maningi." Ndinakoka mpweya wambiri kuti ndiwasangalatse basi. Sindinkadziwa kuti iwo ankadziwa kale za chifuwa chawo, ndi kuti Maloweruka onse aja chimene ankayeza chinali chifuwa changa.