Mayi Okana Tchizi pa Nsomba

M'dera lakale la Ataliyana ku Tunis, Ataliyana ambiri anawoloka nyanja kubwerera kwawo, koma mayi a kalesitilanti ka pakona sasuntha. Ali ndi zaka 80, matebulo asanu, ndi lamulo limodzi: mlendo sasankha, amadya chomwe chaphikidwa tsikulo. Ukawiringula amangokufunsa kuti, "Kodi kwa mayi ako unkasankha?"

Tsiku lina kunabwera bwana amene anali atangogula nyumba yonse imene muli kalesitilantiko, ndipo kunkamveka kuti akufuna kuigwetsa. Mwana wa mayiwo, Gaspare, anawanong'oneza kukhitchini: "Amayi, lero lokha ugwireni mtima. Munthuyu akakwiya tigona panja."

Anamuikira supageti wa nsomba. Asanalawe n'komwe, bwanayo anaitanitsa tchizi kuti awazemo. Komatu kwa Ataliyana, kuwaza tchizi pa nsomba n'kunyoza wophika.

Mayi anatuluka okha, manja ali m'chiuno.

"Bambo inu, tchizi pa nsomba? Nyumbayi gwetsani, ndi yanu. Koma mbaleyi ndi yanga."

Gaspare anangogwira kumutu. Bwanayo anawerama n'kudya popanda tchizi, mpaka kupukuta mbale ndi buledi.

Nyumbayo ikadalipo. Bwanayo amabwera Lachisanu lililonse, ndipo sanayerekezenso kutchula tchizi.