Wapolisi Amene Ndinamuluma

Shire wayambanso kusefukira, mwana wanga sindinamutsitse kumsana chiyambire m'mawa. Fungo la matope ili ndimalidziwa.

Ndili wamng'ono ku Nyachikadza, madzi anatithamangitsira pachulu. Kunabwera bwato la apolisi. Ine ndinkangodziwa kuti apolisi amagwira ana osamvera, ndiye mmodzi atandinyamula, ndinamuluma dzanja.

"Iwe mwana, mano ngati ng'ona!" anaseka, n'kundikhazika m'bwatomo. "Mayi, m'gwireni bwino. Ine ndikwera ulendo wachiwiri."

Anatsala pachulupo, madzi ali m'mawondo. Bwato litabwerera silinam'peze.

Mtembo sunaoneke, choncho anthu anakwirira thunthu la nthochi m'malo mwake, chipewa chake pamwamba. Ine ndinkati wangobisala, wandikwiyira. Ndazindikira nditakula kuti bwatolo linali litadzaza, malo amene ndinakhalawo anali ake.