Siling'i ya Chipinda Chochilira

M'chaka changa chachiwiri monga mzamba pa kachipatala kena kufupi ndi Makanjira, siling'i ya chipinda chochilira amayi inagwa. Inali ya mabolodi oyera okhomedwa pa timatabwa topingasana. Mileme inali itakhala m'dengamo zaka zambiri, ndipo zitosi zake zinaunjikana mpaka mabolodi kuyamba kulendewera pakati. M'mawa wina ndikutsuka zida ndinangomva kuti phwa! Mabolodi awiri anagwera pa bedi lopanda munthu. Mayi amene anali pa bedi linalo anafungatira khanda lake n'kuthawira panja.

Masiku amenewo othawa nkhondo a ku Mozambiki anali atadzaza dera lonselo, ndipo amayi oyembekezera ankachuluka kuposa mabedi athu. Tinalemba kalata ku boma kupempha amisiri, koma mvula inali itadula msewu, malole osadutsa. Tinayamba kuchiritsira amayi pa mphasa m'chipinda chosungira mankhwala.

Pakati pa odikira panali mayi wina wa ku Mozambiki. Amuna awo, bambo aatali a imvi za m'mbali, ankabwera tsiku lililonse kudzawasiyira nkhuni. Tsiku lina ndinawapeza ataima pakhomo la chipinda chija, maso ali m'mwamba.

"Anesi, amene anakhoma izi ankaumira matabwa," anatero m'Chichewa chosakaniza ndi Chiyao. "Taonani mipatayi kukula. Bolodi lagwiridwa m'mphepete mokha, pakati palibe kanthu."

"Kodi ndinu mmisiri, bambo?"

"Ndinali, kwathu. Ndinathawa ndi sowo yokha."

Mkulu wa chipatala anayamba wazengereza, akuti nyumbayo si yathu yoti tizingoipereka kwa aliyense. Mkuluyo ndinamutengera kukaona amayi atatu ali pa mphasa pakati pa makatoni a mankhwala, ndipo anavomera. Msodzi wina anatipatsa matabwa otsala pokhoma boti lake. Waya tinamasula pa mpanda wakale wa kuseri. Misomali bambowo ankazula pa matabwa ogwa aja n'kumaiwongola umodziumodzi pa mwala.

Anayamba ndi kukokolola zitosi zonse, atamanga kansalu kumphuno, kenako anatseka ndi ukonde wakale mipata yolowera mileme. Timatabwa anatiyandikizanitsa, n'kuika kena kodutsa pansi pa bolodi lililonse, pakati penipeni. Pamphambano iliyonse anamanga waya wopota wofika ku mitanda ya denga. Mabolodi sanawakhome kuchokera pansi ngati kale, anawakhazika pamwamba pa timatabwato.

"Msomali wokhoma choyang'ana kumwamba umazuka katundu akalemera," anandiuza. "Koma bolodi likakhala pa thabwa, kulemera kumene kumalikhazika."

Atamaliza anakweza matumba a mchenga n'kuwasiya m'mwambamo tsiku lathunthu. Mawa lake anakwera okha, n'kugona chagada pa mabolodiwo. Ndinakuwa ndili pansi kuti, "Bambo, tsikani! Mukathyoka msana, akazi anu ndiwauza chiyani?" Anagubuduzika uku ndi uku. Waya sanalire n'komwe.

Atatsika anakhala pa makwerero. Ndinawapatsa madzi. Ali chigwirire kapu, anandiuza kuti anthu a mfuti atafika m'tauni yawo, anabisa ana awo awiri ndi mng'ono wawo wa bambowo mu siling'i ya sitolo ina. Anawo anali opepuka. Koma mng'ono wawoyo anali munthu wamkulu, ndipo atasuntha pang'ono bolodi linabooka, mwendo n'kutulukira pansi, anthu a mfuti aja ali m'sitolomo.

"Ana sanawaone. Anatenga iyeyo," anatero. "Siling'i imeneyo ndinakhoma ndine."

Ndinangoti, "Pepani, bambo." Anamwa madziwo, n'kunyamula makwerero kukawabwezera kuseri.

Patatha sabata ziwiri akazi awo anachilira m'chipinda chomwecho. Mwana anabwera chotsogoza miyendo ndipo tinavutika naye kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Bambowo anali pansi pa mtengo wa mango, osadya kanthu. Nditatuluka kukawauza kuti ndi wamkazi ndipo onse ali bwino, anandigwira dzanja ndi manja onse awiri, akungoti, "Sikomo, sikomo."

Anakhalabe m'deralo zaka zingapo, akukonza zitseko ndi mabenchi, ndipo kamtsikanako ndinkakayeza ndekha pa sikelo. Nkhondo itatha, anthu anayamba kubwerera kwawo. Nthawi imeneyo ine ndinali pa tchuthi kwa makolo anga kwa Mponda. Pobwera, mlonda anandiuza kuti banja lija linakwera lole tsiku Lachiwiri, ndipo mayiwo anandisiyira lichero la makaka a chinangwa. Sitinatsanzikane, ndipo sindinamve ngati anafika bwino.