Waya Woyanikapo Zovala

Wamagetsi wina akaona waya woyanikapo zovala pakhomo la munthu, sadutsa. Amaima n'kupempha kuti amangepo chingwe.

"Achimwene, mwayambanso?" anaseka mlongo wake tsiku lina, beseni la zochapa lili pamutu. "Waya ameneyu ali kutali ndi magetsi."

"Wamangidwa ku malata," anayankha. "M'chitsulo muli tinthu totchedwa maelekitironi, topanda mwini, tongoyendayenda. Nthambo ya magetsi ikasupuka n'kukhudza denga, tinthu tonseto timakankhana mpaka m'manja mwako."

Mlongoyo analeka kuseka. Ndi mmene anafera mlamu wake, mkazi wa wamagetsiyo: anamupeza pansi pa waya, malaya onyowa ali paphewa.

Mlongoyo anatula beseni n'kupatuka. Wamagetsi anamasula wayayo mosamala kwambiri, ngakhale anali atathimitsa kale magetsi a nyumba yonse.