Foni Yakale Yokhala ndi Nyimbo Zokuwa

Zochoka ndinaziganiza m'mwezi womwe anamwino anzanga anapita ku England mondondozana. Ndinatsala ndi odwala ogona mpaka pansi, malipiro osafika pakati pa mwezi. Mwana wanga Yamikani anali ndi zaka zisanu. Ndinakamusiya kwa mng'ono wanga Agnes ku Area 25, n'kumulonjeza kuti ndikangokhazikika ndidzamutenga. Bambo ake anakana kusaina mapepala, ndiye lonjezo lija linangokalamba ndili nalo m'kamwa.

Ndinapeza ntchito m'chipatala china ku Birmingham, ndi kachipinda ku Oldbury komwe chinyezi chinkadetsa makoma. Lamlungu lililonse ndinkaimba foni kumudzi. Lamulo la ife a kunja ndi limodzi: munthu amene ukumutumizira ndalama sumudandaulira. Choncho yankho langa linali lomwelomwelo, "Tili bwino," ndipo zithunzi ndinkajambulitsa patsogolo pa masitolo owala. Yamikani ankabwera pafoni mochita kukankhidwa. Agnes ankamutcha Amayi. Ine dzina langa linali "a ku UK", ndipo maulendo ochepa omwe ndinabwera ku holide ankandilonjera mwaulemu wopatsa mlendo wa kutchalitchi. Zinkandipweteka kwambiri, koma ndikanadandaula kwa ndani?

Kuntchito kunali mzungu wina, Kerry, yemwe ankanditenga pa galimoto yake poweruka. Tsiku loyamba atayatsa nyimbo ndinagwira chitseko, ndili wokonzeka kudumpha. Magitala ankalira ngati chigayo chameza mwala, woimbayo akukuwa ngati wapsa ndi madzi owira. Kerry anati nyimbo zotere amazitcha post-hardcore, ndipo oimbawo ndi anyamata a komweko ku Black Country. Ine mumtima ndinangoti mtsikana uyu akufunika mapemphero.

Koma tsiku lina wodwala yemwe ndinamuzolowera anamwalira m'manja mwanga, ndipo dzulo lake Yamikani anali atakana kubwera pafoni. Tili pamsewu ndinadzimva ndikuuza Kerry kuti akweze voliyumu. Woimba uja atayamba kukuwa, nanenso ndinakuwa, mpaka kukhosi kunauma. Kerry anangotseka mawindo. Kuyambira pamenepo ndinali wotayika. Ndinkapita naye kukaonera gululo m'timaholo ta ku Digbeth, mayi wa Mvano pakati pa achinyamata ovala zakuda akugundana mapewa. Tisheti ya gululo ndinkaibisa pansi pa zitenje m'sutikesi, chifukwa Mai Banda a ku fellowship yathu akanaiona, nkhani ikanafika ku Lilongwe isanakwane sabata kuti ndalowa za satana.

Patapita zaka gululo linatha, kenako chaka chatha linabwerera ndi chimbale chatsopano. Ndinapempha off tsiku lomwe chinatuluka. Nditamvera nyimbo zitatu ndinazimitsa. Munthu uja sankakuwanso. Ankaimba mofatsa, mpaka limba n'kulowamo. Pa intaneti otsatira gululo anagawikana ngati mpingo pa nkhani ya chuma. Ena ankati agulitsa ukadaulo wawo, ena ankati woimbayo anawononga pakhosi kalekale, enanso ankati tonse takalamba, tivomereze. Kerry, yemwe pano ali ndi zidzukulu ku Longbridge, anachikonda, ndipo anandiseka kuti ndikufuna bambo wa zaka makumi asanu azikuwa kuti ine ndidzimve wachitsikana. Tinakangana mpaka tiyi anazizira. Ndinkamva ngati munthu amene ankandilirira maliro wanyamuka pamphasa maliro asanathe.

Miyezi ingapo itadutsa ndinabwerera kwathu kosabwereranso, mawondo atatopa ndi kuimirira. Ndinali nditamanga nyumba ku Area 49, chipinda chimodzi ndikuchiganizira Yamikani, yemwe tsopano anali atamaliza koleji. Agnes anandichenjeza pafoni kuti ndisayembekezere zambiri, mwanayo sanayankhe kalikonse za kusamuka. Ndinakwera ndege ndi mantha kuti ndamanga nyumba ya munthu mmodzi.

Anabwera kudzanditenga ku Lumbadzi ndi galimoto ya Agnes. Anandipatsa moni wa m'manja, n'kunyamula masutikesi. Tinayenda kamtunda, ine ndikuyamikira chimanga cha m'mbali mwa msewu posowa chonena. Kenako anadina pa wailesi.

Chigayo chija chinalira. Gitala yomweyo, kukuwa komweko kwa pamsewu wa ku Oldbury. Ndinachita manyazi mpaka thukuta, ndikuganiza kuti foni yanga yalumikizana yokha ndi galimoto. Ndinayamba kufufuza m'chikwama, ndipo foniyo ndinaipeza ili chizimire chichokere mundege. Nditacheuka ndinaona Yamikani akumenya chiwongolero ndi zala, milomo ikutsatira mawu onse.

"Iwe, nyimbo izi unazidziwa bwanji?"

Anandikumbutsa za foni yakale yomwe ndinamutumizira ali mu Sitandade 7, kudzera mwa munthu wa kutchalitchi yemwe ankabwera kumudzi. Ndinafufuta zithunzi ndi mauthenga onse, koma kakhadi ka nyimbo ndinakaiwala momwemo. Iye ankamvera pa mahedifoni Agnes asakudziwa. Poyamba zinkamuopsa, kenako anazikonda, mpaka anapeza anzake ena ku koleji okonda zomwezo. Chinsinsi chomwe ndinachibisa kwa Mai Banda zaka zonsezi chinali chikulira mu Area 25.

Pofuna kubisa manyazi ndinafunsa za chimbale chatsopano, n'kuwonjezera kuti ine chinandinyansa, anyamata aja aphwa ngati mowa wogona. Yamikani anapukusa mutu. Anati chimenecho ndiye chimbale chawo chabwino koposa, ng'oma zikumveka bwino, ndipo amene akuchinyoza akungolira unyamata wawo. Tinakanganadi, ine ndi mwana wanga, koyamba m'moyo wathu. Mawu ndinakweza ngati ndili ndi Kerry. Tikuyandikira Kanengo anachepetsa voliyumu.

"Pafoni munkangoti muli bwino," anatero maso ali pamsewu. "Koma munthu amene ali bwino samvera anthu akukuwa chonchi tsiku ndi tsiku. Ndinkati ndikafuna kudziwa mmene mulili, ndinkamvera zimenezi. N'chifukwa chake ndinkathawa foni. Zinkandinyansa kumva mukunama."

Zithunzi zonse za patsogolo pa masitolo zija sizinapusitse munthu. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri ankadziwa kuti mayi ake akulira kutsidya kwa nyanja, ndipo anasenza zimenezo yekha, ine ndikuganiza kuti sandifuna.

"Ndiye nditamva chatsopanochi, munthu uja wasiya kukuwa, ndinasangalala," anapitiriza. "Ndinati mwina nawonso Amayi apeza mpumulo. Kodi simunaupeze?"

Ndinayang'ana kumbuyo mwachizolowezi, ngati Agnes wakhala pampando wa kumeneko. Munalibe wina m'galimotomo. Amayiwo ndinali ine.

Misozi inatsika osaipempha. Ndinamuuza zoona, kuti chimbalecho ndinangomvera nyimbo zitatu zokha. Anandiyang'ana modabwa ngati ndaulula kuba mbuzi, n'kunena kuti munthu sanyoza ndiwo asanalawe. Pa mphambano yolowera kwa Agnes sanakhote. Anafunsa njira ya ku Area 49, n'kuchiyambitsa chimbale chatsopanocho pachiyambi.